Chingwe Chochokera Kumwamba

Msilikali amaphunzitsidwa zinthu ziwiri zimene munthu wamba saphunzitsidwa: kumvera lamulo mosawiringula, ndi kupita kumene ena onse akuthawako. Zinthu ziwirizi ndizo zimamuchititsa kukhala woopsa pa nkhondo, ndipo ndi zomwezonso zimene zimamusandutsa mpulumutsi madzi akasefukira. Ife a m'chigawo chino cha Afirika nkhondo ndi chigumula tinaziona mu m'badwo umodzi, kawirikawiri m'zigwa zomwezomwezo, kotero sitingalephere kudzifunsa kuti kodi dzanja limene linazolowera mfuti tililandire motani likabwera litanyamula chingwe ndi thumba la ufa.

Funsoli linafika poyera m'chaka cha 2000 ku Mozambique. Mvula inali itagwa mosalekeza kuyambira kuchiyambi kwa Febuluwale, ndipo pa 22 mwezi womwewo namondwe wotchedwa Eline anaomba gombe pafupi ndi mzinda wa Beira n'kupitirira kumtunda, kumene mitsinje imayambira. Patangotha masiku ochepa, madzi a mtsinje wa Limpopo analowa m'tauni ya Chókwè usiku anthu ali mtulo, kenaka anamiza Xai-Xai. Anthu pafupifupi 700 anafa. Zikwizikwi zinakwera pa madenga ndi m'mitengo, n'kukhala momwemo masiku angapo opanda chakudya, madzi a matope akudutsa pansi pawo. Oyamba kufika kuchokera kunja anali mahelikopita a asilikali a dziko la South Africa, pamodzi ndi awiri a asilikali a Malawi. Pa 1 Malichi, pafupi ndi Chibuto, mayi wina anabereka mwana wamkazi ali mumtengo, ndipo msilikali anatsika pa chingwe n'kukweza onse awiri. Chithunzi chimenecho chinazungulira dziko lonse lapansi.

Ine chithunzicho ndinachiona ndi maso a munthu amene anakulira ku Nsanje m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene Malawi ankasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique. Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala mayi wina wochokera kutsidya, amene ankati akamva kulira kwa ndege ankasiya musi mumtondo n'kukokera ana ake pansi pa nkhokwe. Ife tinkaseka, poti kwa ife ndege inali chinthu chothamangira panja kukachiona. Amayi anandikoka khutu tsiku lina nati, "Mwana wanga, usaseke munthu amene akudziwa chimene iwe sukuchidziwa." Mayi uja ankadziwadi. Asilikali a boma la tsankho la South Africa anali ataukira Matola mu Januwale 1981, ndege zawo zinaponyanso mabomba kumeneko mu Meyi 1983, ndipo boma lomwelo ndilo linkapatsa zida gulu la Renamo. Nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Rome la mu Okutobala 1992. Tsono pasanathe zaka zisanu ndi zitatu, ndege zochokera ku dziko lomwe lija zinkauluka pamwamba pa anthu omwe aja, ndipo anthuwo ankakupiza zitenje kuti ziwaone. Makinawo analinso a asilikali. Chimene chinasintha ndi boma lowatuma.

Komabe chithunzi chimabisa zambiri kuposa zimene chimaonetsa. Frances Christie ndi Joseph Hanlon, m'buku lawo la mu 2001 lofotokoza za chigumulacho, anawerengera kuti anthu amene anapulumutsidwa anali pafupifupi 45,000. Mwa amenewa, asilikali a m'ndege a South Africa anatola oposa 14,000, ndipo a Malawi anatola oposa 1,800. Ochuluka mwa otsalawo anawapulumutsa ndi mabwato: a asilikali a Mozambique eniake, a ozimitsa moto, ndi a bungwe la Red Cross la m'dzikomo. Izi sizinaoneke kwenikweni pa wailesi yakanema chifukwa atolankhani ankakwera helikopita, ndipo munthu ali m'mwamba amajambula chimene chili pafupi naye. Mpaka lero anthu ambiri ophunzira amakumbukira chaka cha 2000 ngati chaka chimene alendo anapulumutsa Mozambique, pamene mwininyumba ndiye anasenza mbali yolemera ya denga.

Nanga asilikali a maiko olemera? Anabwera ndithu: a ku America pa ntchito imene anaitcha Atlas Response, a ku Britain, a ku Germany, a ku Spain ndi ena. Koma ambiri anafika m'masiku oyambirira a Malichi, nthawi yotsitsa anthu m'mitengo itatsala pang'ono kutha. Ntchito yawo yaikulu inakhala yonyamula chakudya, mankhwala ndi matenti kupita kumisasa imene misewu yake inali itaduka, ndipo ntchito imeneyo inateteza miyoyo yambiri ku njala ndi matenda. Sindikuwanyoza. Ndikungonena kuti munthu amene ali pa nthambi ali ndi masiku owerengeka, pamene helikopita ya ku Ulaya iyenera kudikira kuti nduna zigwirizane, kuti ndalama zipezeke, kuti aiphwasule, aikweze m'ndege yaikulu, akaimangenso ikafika. Thandizo lakutali limayenda ndi chifundo cha oonera wailesi yakanema, ndipo chifundocho chimadzuka pokhapokha zithunzi zikafika. Msonkhano wa opereka thandizo umene unachitikira ku Rome mu Meyi 2000 unalonjeza ndalama pafupifupi madola 450 miliyoni. Nkovuta kukhulupirira kuti ndalamazo zikanachuluka chotero mwana uja akanabadwira kumene kunalibe wojambula.

A mabungwe othandiza anthu pa ngozi akhala akuopa kuyenda limodzi ndi asilikali, ndipo mantha awo ali ndi chifukwa. Mfundo zotchedwa Oslo Guidelines, zimene maiko ndi bungwe la United Nations anagwirizana mu 1994 n'kuzikonzanso m'zaka za 2006 ndi 2007, zimati asilikali akunja aziitanidwa pokhapokha njira zina zonse zitalephera, azibwera dziko lokhudzidwalo litawapempha, asamalilipiritse, ndipo ntchito yonse izitsogoleredwa ndi anthu wamba. Nzeru yake ndi yakuti msilikali ali ndi mwini wake. Amapita kumene boma lake lamutuma, amachoka tsiku limene lamuitana, ndipo m'dziko limene muli mkangano, yunifolomu yake imachititsa mbali ina kukayikira ngakhale ufa umene wanyamula. Mfundozi nzabwino, koma zinalembedwa poganizira msilikali wochokera kutali. Kuno kwathu, kumene boma lilibe gulu lina lokhala ndi ndege, mabwato a injini ndi anthu odziwa kuyala mlatho m'masiku awiri, msilikali amene pa pepala ndi womaliza kuitanidwa amakhala woyamba kufika.

Ndinaziona bwino zimenezi mu Januwale 2015, Shire ndi Ruo atasefukira n'kusiya anthu pafupifupi 230,000 opanda pokhala m'Malawi. Azakhali anga anali kudera la Makhanga, limene linasanduka chilumba. Iwo amasimba kuti bwato la asilikali litafika pa chulu chimene anathawirapo, mnyamata wina wa yunifolomu anatambasula dzanja nati, "Agogo, kwerani msanga, madzi akukwera." Iwo anafunsa, "Nanga mbuzi zangazi, mwanawe?" Mnyamatayo anayang'ana mbuzi, anayang'ana anthu amene anali kudikira kumbuyo, napukusa mutu. Azakhaliwo anakwera. Mpaka lero amamutamanda mnyamatayo, ndiponso mpaka lero amawerenga mbuzi zisanu zija, chifukwa ndizo zinali fizi ya adzukulu awo ndi mbewu ya chaka chotsatira. Msilikali amapulumutsa thupi la munthu m'ola limodzi. Kubwezeretsa moyo umene munthuyo ankakhala ndi ntchito ya zaka, ndipo siili m'manja mwa asilikali.

Namondwe wa Idai ataomba Beira mu Malichi 2019, zombo zankhondo za dziko la India zimene zinali pafupi zinakhotera kumeneko, ndipo asilikali a South Africa anabweranso, ku Mozambique ndi ku Malawi komwe. Mu Malichi 2023 Freddy anagumula phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe, anakokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Asilikali athu anakumba matope kufunafuna mitembo, ndipo Zambia ndi Tanzania anatumiza ndege ndi asilikali awo. Tanzania yomweyo imene timakangana nayo za malire a pa nyanja inatumiza mahelikopita kudzatola ana athu. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo mahelikopita athu awiri a mu 2000 aja anali ngati mbewu imene tinakolola patapita zaka 23.

Chimene chimandisowetsa mtendere nchakuti kubwerezabwereza kumeneku kwatizoloweza kuyang'ana kumwamba. Madzi saiwala khwawa. Zigwa za Limpopo, Búzi, Zambezi ndi Shire zimadziwika kuti zidzasefukiranso. Bungwe la SADC linatsegula likulu loyendetsa ntchito za ngozi ku Nacala mu 2021, kumapeto a njanji yomwe asilikali a Malawi ankalondera m'nthawi ya nkhondo ija, ndipo chimenecho ndi chiyambi chabwino. Koma likulu lopanda mabwato oikidwiratu m'maboma, lopanda mafuta osungidwa mvula isanayambe, ndiponso lopanda uthenga wochenjeza umene umafika kwa nyakwawa m'chilankhulo chake, lidzakhala nyumba ya misonkhano chabe. Ophunzira athu amene amalemba za chitetezo ndi za thandizo lakunja achite bwino kuwerenga ndondomeko za chuma za maiko athu, n'kufunsa kuti pa ndalama zimene timapatsa asilikali, ndi zingati zimene zimagula bwato, ndipo bwatolo limakhala kuti mwezi wa Disembala ukamayamba.