Luso Loyendetsa Kasitima Pang'onopang'ono

Kuthamangitsa kasitima koseweretsa si luso ayi. Ukangolumikiza mota ku batire, basi liwiro layambika. Luso lenileni lagona pokayendetsa mwachifatse, monga momwe sitima yeniyeni imachitira ikamalowa pa siteshoni.

Kasitima kanga ndinakapeza pa kaunjika. Ndi ka mtundu wa HO, kutanthauza kuti utali wake ndi wochepa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Magetsi a mavoti 12 amayenda m'njanji zake ziwiri n'kulowa m'mota kudzera m'mawilo achitsulo. Tsoka lake, kanabwera kopanda chowongolera liwiro. Kakafika pokhota kankangoti phi! pansi. Ndinkadziwa kuti mota ikangowonongeka, kwina koipeza kunalibe.

Anthu ambiri amayamba ndi rezisita yopotokola, yonga ya voliyumu ya wailesi. Vuto lake n'lakuti imachepetsa magetsi opita ku mota. Motayo imangolira osasuntha, ndipo ukawonjezera pang'ono imadumpha ngati chule. Mphamvu yotsalayo imathera m'kutenthetsa rezisita mpaka kununkha.

Amalume anga, omwe amakonza mawailesi kumsika, ndiwo ananditsegula m'maso. Iwo anati mota siifuna kumanidwa chakudya, koma kupatsidwa chokwanira modukizadukiza. Anandipatsa kachipangizo kakuda ka miyendo 8 kotchedwa 555, komwe anakonza Hans Camenzind ndipo kanayamba kugulitsidwa mu 1972. Kachipangizoka kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ukapotokola kachowongolera, umasintha kutalika kwa nthawi yoyaka. Ikafupika kasitima kamakwawa, ikatalika kamathamanga, koma nthawi zonse mota imalandira mavoti onse 12.

Popeza 555 singasenze yokha magetsi a mota, ndinaikapo tiranzisita yoti igwire ntchito yolemetsayo. Pa mota ndinaikapo dayodi, chifukwa magetsi akadulidwa mwadzidzidzi mota imabweza mphamvu yomwe ingapsereze tiranzisita. Ndinawonjezanso switchi yotembenuza mawaya kuti kasitima kazibwerera chambuyo. Kuwotcherera zonsezi ndi mtovu kunanditengera Loweruka anayi, ndipo zala zinachita matuza.

Lero kasitimako kamanyamuka mwaulemu, kamakhota osagwa, n'kuima pomwe ndafuna. Anzanga akabwera amafuna kuona liwiro, koma ine chimandisangalatsa n'kukaona kakukwawa ngati nkhono kosazima. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso
1. N'chifukwa chiyani mlembi akuti kuthamangitsa kasitima si luso?
2. Pezani zifanifani ziwiri ndi mvekero umodzi m'nkhaniyi.
3. Fotokozani mgwirizano wa mwambi wotsekera ndi mutu wa nkhaniyi.