Kabudula wa ife onenepa

Ndine telala, komanso ndine mayi wathupi ndithu, wambina ndi ntchafu zogundana. Pa kaunjika akabudula a saizi yanga amapezeka mwa apo ndi apo. Amene wakwana m'matako amasiya mpata kumsana woti dzanja n'kulowa, amene wakwana m'chiuno ntchafu zimakana. Ndiye anga ndimasoka ndekha, pa makina a Butterfly opalasa ndi mapazi omwe ndimasokera madiresi a makasitomala.

Amayi anga mpaka lero kabudula wa munthu wamkazi samumvetsa, ndipo sindiwadzudzula. Anakula pansi pa lamulo lija la 1973 loletsa akazi mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo, lomwe linagwa pamodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Ngakhale mu 2012 mavenda ena ku Lilongwe ankavulabe akazi chifukwa cha thalauzi. N'zosadabwitsa kuti matelala ambiri akale kudula kabudula anaphunzirira pa anyamata a sukulu ndi azibambo. Mukawapatsa thupi ngati langali amangokuza paliponse, chotulukacho n'kukhala ngati thumba la chimanga. Kukulitsa chovala sikubisa thupi ayi, kumangoliwonjezera.

Chiuno ndimayeza pamene ndikufuna lamba adzakhale. Matako ndimayeza pamene atumphuka kwambiri, tepi itakuta ndi mimba yomwe, pakuti nayonso imafuna malo ake, kenako n'kuwonjezera mainchesi atatu opumira. Muyeso wina ndimatenga nditakhala pampando wathabwa, msana uli njo, mwana akuyeza cham'mbali kuchokera m'chiuno kufika pathabwapo. Munthu wonenepa akakhala pansi mnofu umayala, ndipo kabudula woyezedwa choimirira amatsika kumbuyo mukangokhala m'minibasi.

Patani ndimajambula pa nyuzipepala yakale, ndipo mwini nkhani ndi msoko wapakati, uja wochoka pamchombo, kudutsa m'mphechepeche, kukwera kumsana. Chigawo chakumbuyo chiyenera kutalika kuposa chakutsogolo. Kumsana ndimakweza ndi inchesi imodzi ndi theka, ndipo kamlomo ka nsalu kolowa pakati pa miyendo ndimakatalikitsa mopanda umbombo. Kakafupika, kabudula amakwera poyenda n'kudziunjika pakati pa ntchafu, mwiniwake n'kumangomukokera pansi msewu wonse. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuwonjezera nsalu m'mbali. Sizithandiza, chifukwa nsalu yasowa pakati, osati m'mbali. Makwinya akamaloza kumphechepeche, dziwani kuti msoko umenewu ukupempha malo.

Mwendo ndimautambasulako pang'ono kumunsi, uzithera pamwamba pa bondo pamene ntchafu yayamba kuwonda. Ukathera pamene ntchafu yanenepa kwambiri, diso la munthu limaima pomwepo. Mpendero ndimapinda waukulu kuti ulemere, mwendo uzigwa bwino.

Nsalu yanga ndi chitenje chathonje, ndipo mamita awiri amakwana ndi matumba omwe. Chatsopano chimabwera chouma gwa, ndipo chikalowa m'madzi chimachepako, choncho ndimayamba ndachichapa ndi kuchisita ndisanagwire sizasi. Ndimadula motsata mphepete mwa nsalu kuti miyendo isapotoke. Apa mpofunikanso maso: chitenje cha maluwa akuluakulu chimatha kukuikani duwa limodzi thako lililonse, anthu kumsika n'kumangokhosomola mukadutsa. Ndimasuntha patani mpaka maluwawo atagwera m'mbali. Zoti wonenepa azivala zakuda zokhazokha ine sindizimva. Wanga wokondeka ndi wachikasu.

Lamba kutsogolo ndimasiya wosalala, lasitiki ndimaika kumbuyo kokha. Lasitiki wozungulira chiuno chonse amaunjika makwinya pamimba pomwe pali kale katundu. Akhale wotambalala, wa mainchesi awiri, ndipo ndimamusokera pansalu kuti asapindike. Matumba opendekera aja amayasama pa munthu wambina, ndiye anga ndimawabisa mumsoko wam'mbali.

Msoko wamkati mwa miyendo ndi umene umafa msanga, chifukwa ntchafu zimaupera tsiku lonse. Ndimaudutsa kawiri, kenako n'kuugoneka mbali imodzi n'kuusokanso kuti usasupule khungu m'kutentha kwa Okutobala. Ulusi wotchipa wothothoka ubweya pamenepa ayi.

Inu amene mukusoka wanu woyamba, musamalize lamba ndi mpendero musanamuvale. Lumikizani ndi msoko wotalikirana wosavuta kumasula, muvale, mukhale pansi, muwerame ngati mukutola kanthu, muyende kuzungulira nyumba. Pamene pakukoka lembani ndi choko, ndipo mukonze papepala pomwe, kuti wachiwiri musadzayambirenso kuyeza.