Yamaha ya amalume patsinde pa phiri la Chiradzulu

Ndinatsika minibasi pa Mbulumbuzi mvula itangokata kumene. Mnyamata wakabaza anayang'ana nsapato zanga zoyera n'kuseka. "Achimwene, kumene mukupitako n'kwamatope. Mugwiritse." Ndinagwiritsadi. Tayala lakumbuyo linkaterereka ngati nsomba, iye n'kumaponda pansi ndi phazi limodzi, uku phiri la Chiradzulu likubisala m'mitambo patsogolo pathu. Chipewa chodzitetezera analibe. Inenso ndinalibe.

Ndinkapita kwa amalume, omwe anapuma pantchito ya ulangizi wa zaulimi. Pakhonde pawo pali Yamaha DT 125 yofunditsidwa chiguduli. Penti inasuluka kalekale, mpando anaumanga ndi mphira, koma tsiku ndi tsiku amaipukuta. Ndipo pabalaza, pambali pa kalendala ya tchalitchi, anamata tsamba la magazini yakale: munthu ali panjinga yamoto, waimirira pamapondero, kumbuyo kwake mchenga wokhawokha.

"Mphwanga, ameneyu ndi Cyril Neveu," anatero, ngati akundionetsa m'bale wawo.

Ndili mwana chithunzichi ndinkangochidutsa. Ulendo uno ndinafunsa, ndipo nkhani inatifikitsa usiku. Zina ndinachita kutsimikiza pafoni amalume akuyankhula.

Mu 1977 Mfalansa wina, Thierry Sabine, anasochera ndi njinga yake m'chipululu ku Libya ali pampikisano. Atapulumutsidwa, m'malo mothokoza Mulungu n'kukhala pansi, anaganiza zoitanira anzake komweko. Pa 26 December 1978 magalimoto ndi njinga zamoto 182 zinanyamuka ku Paris kulowera ku Dakar, mtunda wa makilomita pafupifupi 10,000. Zinafika 74 zokha. Neveu anapambana pa Yamaha XT500, njinga wamba yoti aliyense wandalama akanatha kugula m'sitolo. GPS kunalibe. Munthu ankadalira kampasi, pepala lolozera njira ndi manja ake njinga ikafa.

Amalume amakonda kwambiri Gaston Rahier wa ku Belgium, mwina chifukwa nawonso ndi aafupi. Rahier anapambana mu 1984 ndi 1985 pa BMW yaitali moti ankayamba wailiza, n'kuyenda nayo pambali, kenako n'kudumphira pampando. Wina ndi Hubert Auriol, wobadwira ku Addis Ababa. Mu 1987, akutsogola ndipo Dakar ili pafupi, anawomba chitsa n'kuthyoka akakolo onse awiri, koma anayendetsabe mpaka pomwe ulendo wa tsikulo unkathera. Chikho chinapita kwa Neveu. Sabine mwiniwake anali atamwalira chaka chapitacho pangozi ya helikopita ku Mali.

Kuno kum'mwera nakonso kunali akatswiri. Ku Lesotho mpikisano wa Roof of Africa unayamba mu 1967, ndipo Alfie Cox wa ku South Africa anaupambana kasanu ndi kanayi. Dakar ija inachoka mu Africa itaimitsidwa mu 2008 poopa zauchifwamba ku Mauritania, ndipo kuyambira 2020 ikuchitikira ku Saudi Arabia.

"Nanga inuyo amalume, munapikisanapo?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi ndani? Ndi mvula basi."

Kenako anayamba kuwerenga ndi zala. Kupita kwa alimi ku Namitambo mu February, msewu utasanduka phala. Kuwoloka mtsinje njinga ataimangirira pamitengo, amuna anayi atainyamula. Usiku wina kutenga mayi wodwala kupita naye kuchipatala cha Nguludi, mlamu wake atakhala kumbuyo kumugwirira, nyali ikuzimazima. Panalibe womuombera m'manja. Mayiyo anachira, ndipo mpaka lero amabweretsa nandolo nthawi yokolola.

Ndinakhala chete. Luso lomwe Neveu ankatengera zikho, loimirira pamapondero, losunga giya yotsika pamatope, losagwira buleki yakutsogolo potsetsereka, alangizi ndi azaumoyo a m'boma lino ankaligwiritsa ntchito tsiku lililonse. Ngakhale lero njinga za bungwe la Riders for Health, lomwe anayambitsa ndi anthu a mipikisano ya njinga zamoto, zimanyamula magazi okayezetsa kuchokera m'zipatala za kumidzi ya m'Malawi muno.

M'mawa mwake ndinamva mkangano pakhonde. Msuweni wanga, yemwe anamaliza Fomu 4 ndipo ntchito sakuipeza, akufuna njingayi ayambire kabaza. Mfundo yake ndi yomveka: chitsulo chikungodya dzimbiri pomwe m'nyumba mukusowa ya feteleza. Amalume sakukana. Akungoti ayambe wapeza laisensi ndi zipewa ziwiri, china cha pasenjala.

"Anzanga onse alibe zimenezo, bambo."

"Ndiye pita ku Queens ukaone mawodi a mafupa. Auriol uja anali ndi chipewa, nsapato zachikopa ndi helikopita yomudikira. Iwe uli ndi chiyani?"

Msuweni wanga sanayankhe. Amalume anachotsa chiguduli, anatsegula mafuta, n'kuponda kiki. Kachitatu injini inalira, utsi wabuluu unadzaza bwalo, nkhuku zinabalalika. Anandiperekeza okha mpaka pamsewu wa tala, pang'onopang'ono, akuzemba zithaphwi ngati akuzidziwa mayina. Chipewa chawo chokhacho anandiveka ine.

Ndisanakwere minibasi, ndinatumiza uthenga kwa msuweni wanga: chipewa chachiwiri ndigula ndine, mwezi ukatha.