Malizani Kaye Nkhani Yanu

Mphunzitsi mnzanga, mwina penapake m'nyumba mwanumo, kaya m'sutikesi kaya pansi pa mulu wa masikimu, muli kope lomwe munayamba kulembamo nkhani koma simunaimalize. Nanenso ndinali nalo kope lotere. Ndiloleni ndikuuzeni zomwe zinalichitikira, kuti mwina lanulo lipulumuke.

Nditangoyamba ntchito ya uphunzitsi, ndinaganiza zolemba nkhani ya agogo anga aakazi. Iwowa njala ya 1949 inawapeza ali ndi ana awiri. Amuna awo ananyamuka kukasuma chimanga ku Ntcheu, ndipo anabwerako patapita zaka. Tchuthi chilichonse ndinkapita kumudzi, madzulo n'kukhala nawo pakhonde, iwo akusimba, ine ndikulemba pa kuwala kwa koloboyi. Ndinalemba mitu 5. Unatsala mutu umodzi wokha, wa tsiku lomwe bambo uja anatulukira pakhomo. Nditawafunsa za tsikulo anaseka n'kunena kuti, "Zimenezo ndidzakuuza ukadzafika pamenepo. Uyambe walemba zinazo."

M'malo mofika pamenepo, ine ndinayamba kuonetsa kope lija kwa anthu. A hedi anavundukula masamba awiri n'kuti, "Achimwene, buku la Chichewa adzagula ndani? Lembani m'Chingerezi." Mnzanga wina wa m'tauni anati makampani a mabuku amangofuna zolowa pa silabasi basi. Mphunzitsi wa Chichewa anatenga cholembera chofiira n'kulifiiritsa tsamba loyamba lonse, akuti sindinatsate malamulo a kalembedwe. Wachinayi anandifunsa ngati ndinali ndi ndalama zolipirira osindikiza.

Aliyense ndinamumvera. Ndinayamba kumasulira mutu woyamba m'Chingerezi, n'kulekeza panjira. Ndinaukonzanso kuti ufanane ndi mabuku a pa silabasi. Kenako ndinabwerera ku tsamba lofiira lija. Mutu woyamba ndinaulemba kasanu, wotsiriza osaukhudza n'komwe. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Patapita zaka 4 agogo anamwalira, ndipo panalibenso wina wodziwa zomwe zinachitika tsiku lija. Kope nalo nditalifuna, ndinapeza chiswe chitadya mitu iwiri.

Anthu anayi aja sanali oipa, ndipo aliyense ananenako zoona. Cholakwa chinali changa: ndinafuna malangizo a kasindikizidwe nkhani isanathe. Taganizani za m'kalasi mwanu. Kodi mwana akamalemba chimangirizo, mumamulanda kope ali pa chiganizo chachiwiri kuti muchonge? Ayi, mumamudikira amalize. Dzichitireni chifundo chomwecho. Nkhani yomalizidwa, ngakhale yokhotakhota, itha kuwongoledwa. Yosamalizidwa palibe mkonzi angaithandize.

Nkhani ikatha, apo ndiye mukhale pansi n'kupeta malangizo aja, mankhusu apite, maso atsale. Tiyeni tiwapete limodzi.

Za chiyankhulo, kumbukirani Samuel Josiah Nthara. Iyeyu anali mphunzitsi ngati inu ndi ine, wa ku mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo analilemba m'Chinyanja, ndipo linapata mphotho pa mpikisano wa bungwe lina la ku London loona za ziyankhulo za mu Africa. Linasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi pa mutu woti Man of Africa. Chingerezi chinachita kulitsatira bukulo. Lembani m'chiyankhulo chomwe anthu a m'nkhani yanu amakanganiramo ndi kulirira maliro. Zomasulira zidzabwera pambuyo.

Za silabasi, mnzanga uja sananame. Makampani ambiri kuno kwathu amadalira mabuku a sukulu kuti apeze phindu. Koma khomo si limodzi. Nyuzipepala zina zimakhala ndi masamba a nkhani zopeka, mawayilesi amafuna masewero ndi ndakatulo, ndiponso mabungwe a alembi, monga Malawi Writers Union, amachititsa mipikisano. Yambani ndi nkhani yaifupi. Musaiwalenso kuti muli ndi owerenga kale, ana a m'kalasi mwanu, amene ambiri alibe buku la nthano ndi limodzi lomwe.

Za kalembedwe, malamulowo ndi ofunika ndithu, koma ndi ntchito yotsiriza, ngati kuzira nyumba itafoleredwa kale. Ku Malawi mungathandizidwe ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wokonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba. Dziwaninso kuti kalembedwe kamasiyana ndi mayiko: ku Zambia amalemba Cinyanja pamene ku Malawi timalemba Chinyanja. Choncho funsani amene mukuwatumizirawo kuti amatsata kati.

Za ndalama, apa m'pofunika kutsegula maso. Wofalitsa mabuku ndi mwini makina osindikizira ndi anthu awiri osiyana. Wofalitsa akaikonda nkhani yanu, amaikonza, kuisindikiza ndi kuigulitsa ndi ndalama zake, inu n'kumalandira gawo pa buku lililonse logulidwa. Wa makina mumamulipira ndinu, ndipo akakupatsani makatoni a mabuku, kugulitsa kuli kwa inu. Njira zonsezi n'zololedwa, bola mudziwe yomwe mwalowa. Munthu akamadzitcha wofalitsa koma n'kumati muyambe mwalipira, mufunseni amene adzakonze zolakwika, amene adzagulitse, ndi amene adzakhale mwini wake wa nkhaniyo. Musasayine mgwirizano womwe simunauwerenge mpaka pansi.

Langizo limodzi lomwe palibe anandipatsa ndi ili: sungani kope lachiwiri. Chinua Achebe wa ku Nigeria anatumiza kope lake lokhalo, lolemba pamanja, kwa otayipa a ku London, ndipo linakhala miyezi osamva kanthu. Linapulumuka chifukwa bwana wake wa ku wayilesi anakalilondola yekha ali pa ulendo. Limenelo ndi buku la Things Fall Apart, lomwe linatuluka mu 1958. Masiku ano n'zosavuta. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, kapena tayipani n'kudzitumizira nokha pa intaneti. Chiswe sichifika kumeneko.

Mwina mukuti, "Nanga nthawi ndiitenga kuti? Ndili ndi ana odzaza kalasi, ma asayimenti a kosi ino, kumunda nakonso kukundidikira." N'zoona. Koma inu mukuphunzira kale mwa makalata, popanda belu lokuitanani, ndiye kudziikira nthawi mumakudziwa. Patulani mphindi 30 musanayambe kuchonga, mulembe tsamba limodzi. Osabwerera m'mbuyo kukakonza za dzulo. Pomwe mawu akukanani, siyani mpata n'kupitirira. Masamba 5 pa sabata, pakutha pa masabata 12 mudzakhala ndi masamba 60. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mukamaliza, isungeni mwezi umodzi, kenako muipereke kwa anthu awiri okha okonda kuwerenga. Musawafunse ngati nkhaniyo ndi yabwino, chifukwa adzangokusangalatsani. Afunseni pomwe anatopa ndi pomwe anasokonezeka. Onse awiri akaloza malo amodzi, konzani pamenepo. Ikabwezedwa ndi ofalitsa, werengani zifukwa zawo, konzani zomwe mwagwirizana nazo, muitumize kwina. Kubwezedwa kumawawa, koma kumagwera okhawo amene amaliza.

Nkhani ya agogo ndinadzaimaliza patapita nthawi yaitali. Kampani ina inaibweza, ndipo mpaka lero sinakhale buku. Ndinaiwerengera ana a Sitandade 7 kwa milungu itatu, ndipo tsiku lotsiriza mtsikana wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye agogowo anawakhululukiradi amuna awo?" Ndinamuuza zoona, kuti mutu umenewo ndinachita kupeka, ndipo yankho lenileni linapita nawo kumanda.

Choncho usiku uno, musanatsegule phunziro lotsatira, tulutsani kope lija. Werengani tsamba lotsiriza lokha, ndipo mulembe lotsatira. Ngati pali wachikulire amene akusunga mathero a nkhani yanu, musadikire tchuthi chinacho. Pitani mukamufunse.