Malangizo kwa Namwino Wopita Kukatsogolera Anzake

Katawa, Mzuzu

Kwa mwana wokondedwa,

Makolo, pokondwera kuti mwana wawo wapatsidwa udindo woyang'anira wodi pa chipatala cha boma ku Karonga, aona kuti n'koyenera kumulembera za mphamvu, pakuti udindowu umamuika pamwamba pa anamwino anzake, odwala ndiponso abale owadikirira.

Akatswiri awiri a ku America, John French ndi Bertram Raven, analongosola mu 1959 magwero asanu a mphamvu za mtsogoleri, ndipo atatu mwa iwo amachokera pa mpando. Loyamba ndi ulamuliro wa udindo, umene umalola sisita kugawa ntchito ndi kukonza ndandanda ya ogwira usana ndi usiku. Lachiwiri ndi mphamvu yopereka mphotho, monga kuyamikira kapena kusankha wopita ku maphunziro, ndipo imeneyi imagawanitsa wodi ikangotsata chibale kapena mtundu. Lachitatu ndi mphamvu yolanga, imene iyenera kusungidwira zolakwa zoika moyo wa wodwala pachiswe, podziwa kuti milandu ikuluikulu ili ndi bwalo lake ku Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe losunga kaundula wa anamwino ndi azamba. Wolanga mwaukali pamaso pa odwala amaphunzitsa anzake kubisa zolakwa, ndipo cholakwa chobisika ndicho chimapha.

Magwero awiri otsalawo sabwera ndi kalata yokwezedwa pantchito, choncho ndiwo amene makolo akumupempha kuti awalimbikire. Ukatswiri ndi mphamvu ya munthu amene anzake amamumvera chifukwa amadziwadi ntchito, monga mzamba wozindikira msanga kuti mayi akutaya magazi mopitirira atabereka, kapena namwino wolimbikira kuti wodwala atumizidwe ku Mzuzu Central Hospital nthawi ikadalipo, pokumbukira kutalika kwa ulendo wodzera m'mapiri a Chiweta. Mphamvu ya khalidwe ndi ya munthu amene ena amafuna kumutsanzira, chifukwa amafika pantchito m'nthawi yake, sanyansidwa kusambitsa wodwala anamwino akachepa, ndipo amapatsa moni agogo m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka asanawafunse za matenda.

Raven anawonjezera mu 1965 gwero lachisanu ndi chimodzi, lomwe ndi kudziwa zimene ena sanamve. Choncho malangizo atsopano a Unduna wa Zaumoyo mwanayu aziwafikitsa kwa onse, koma chinsinsi cha wodwala achisunge ngakhale pamaso pa makolo ake omwe.

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mpando ndi wobwereka ndipo tsiku lina adzakhalapo wina, pamene luso ndi mbiri yabwino zidzapita naye kulikonse kumene boma lidzamutumize. Choncho asanalamule chilichonse azidzifunsa ngati lamulolo likupindulira wodwala kapena likungokweza dzina lake.

Mulungu amutsogolere pa ntchito yake.

Bambo ndi mayi ake