MAU A MAFUNO ABWINO KU TEXCOCO M'DZIKO LA MEXICO

Alimi anzanga, chimanga chimene tidya tsiku ndi tsiku kwao ndi ku Mexico, tsidya lija la nyanja ya Atlantic. Anthu a kumeneko anayamba kuchilima zaka ngati 9,000 zapitazo. Chakum'mawa kwa mzinda waukulu wa Mexico kuli tauni ya Texcoco, ndipo pafupi pake, pa El Batán, pali likulu la CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966. Alangizi a maiko ambiri amapita kukaphunzira kumeneko. Chinenero cha dzikolo ndi Chisipanishi, ndipo mlendo wanzeru ayamba waphunzira mau a ulemu asanafunse za mbeu.

Malo abwino omverera mauwa ndi pa msika wa Texcoco, pamene amagulitsa nyama ya nkhosa yootchera m'dzenje. M'mawa munthu alonjera kuti "Buenos días," dzuwa likapendeka "Buenas tardes," kukada "Buenas noches." Pofuna kudutsa pakati pa anthu anena "Con permiso," monga ife titi zikomo popempha njira, ndipo iwo ayankha "Pase usted," ndiko kuti pitani.

Chimene chinandidabwitsa ine ndi cha pa chakudya. Kwathu amene alikudya ndiye aitana wodutsa kuti tidye. Kumeneko wodutsayo ndiye ayamba kulankhula. Ati "Buen provecho," ndiko kuti chakudya chikupindulireni, ngakhale kwa anthu amene sawadziwa konse, ndipo akudyawo ayankha "Gracias," ndiye zikomo. Munthu akayetsemula anzake ati "Salud," kumfunira moyo wolimba. Kwa wodwala ati "Que se mejore," mupeze bwino. Kwa wa paulendo ati "Buen viaje." Pokagona ati "Que descanse," mupumule bwino. Mukagula kanthu, wogulitsa atsazika kuti "Que le vaya bien," zikuyendereni bwino, ndipo inu muyankhe "Gracias, igualmente," ndiko kuti inunso chimodzimodzi.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Monga ife tisiyanitsa iwe ndi inu, iwonso ali ndi "tú" ndi "usted." Kwa mwana kapena bwenzi lanu munena "Que te vaya bien," koma kwa wamkulu "Que le vaya bien." Mlimi wachikulire mumutchule "usted" kufikira iye mwini atakulolani kuleka.

Kutchula mauwa sikubvuta, pakuti a, e, i, o, u zimveka monga m'Chichewa. Kumbukirani kuti "que" atchula ke, j amveka ngati h wochokera kukhosi, ndipo v amveka ngati b.

Kodi zimenezi zikhudzana bwanji ndi ulimi? Alimi ang'onoang'ono a ku Mexico abzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, umene autcha milpa, ndipo ambiri asunga mbeu za makolo ao, zoyera, zachikasu, zofiira ndi zabuluu. Mbeu zotere munthu saonetsa mlendo wofika ndi mafunso okha osalonjera. Koma wofika ndi "Buenos días" ndi "Con permiso" amtenga kumka naye kumunda, namuuza zimene buku silinena. Chifukwa chake amene muli ndi mwai wophunzira Chisipanishi, lowezani mau amenewa poyamba. Maina a feteleza ndi a tizirombo muwaphunzira pambuyo.