Malume Atayamba Kufunsa Njira ya ku Dedza

Agogo anga, mayi awo a amayi, anawapeza m'mamawa wina wa mwezi wa Juni mu 1987 atakhala pansi pafupi ndi manda, ali mbulanda, chitenje chili m'manja. Amene amaidziwa Dedza nthawi ya chisanu akudziwa kuti munthu wanzeru zake sangatuluke choncho. Komabe pa khamu lonse limene linasonkhana panalibe amene anawafunsa ngati akumva kuzizira. Aliyense ankafuna kudziwa kumene agwera. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti lichero lawathera mafuta ali paulendo wausiku. Ine ndinali ndi zaka 12, ndipo ndinakhulupirira.

Kuyambira tsiku limenelo ana tinaletsedwa kulandira chilichonse chochokera m'manja mwawo, ngakhale chimanga chokazinga chimene tinakulira. Amayi okha ndiwo ankalowa m'kanyumba kawo ndi mbale ya phala. Agogo ankaitana ana awo amene anamwalira kalekale, ankathira mchere mumtsuko wa madzi akumwa, ankalira kuti wina wawabera khasu pamene khasulo lili pamwendo pawo. Akuluakulu ena atawafunsa ngati amatamba, anavomera ndi mutu monga ankavomerera funso lililonse. Palibe anawamenya. Anangowasiya okha mpaka anatsikira kulichete mu 1989, ndipo pasiwa pawo anthu ogona anali owerengeka.

Mwana wawo wamwamuna, malume anga, pamaliropo panalibe. Anali mtchona. Anachoka mu 1972 ndi Wenela kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda analetsa zolemba anthu opita kumigodi, ndipo anzawo ambiri anabwerera kwawo. Malume anatsala. Anasiya mgodi n'kuyamba kusamalira maluwa m'nyumba za azungu ku Randburg, anakwatira, mkazi wawo anamwalira opanda mwana, ndipo ufulu utabwera muno mu South Africa anapeza mapepala okhalira mpaka kalekale. Pamene ine ndinatsika basi mu Johannesburg mu 2006, ndiwo anandilandira mumkhukhu mwawo ku Zandspruit, m'mbali mwa msewu wa Beyers Naudé. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Ngakhale anali asanandionepo chibadwire, anandiyalira mphasa, anandiphunzitsa kulozera takisi ndi chala, n'kundipezera ntchito.

Ntchitoyo inali yosamalira gogo wina wachizungu ku Randpark Ridge. Sabata yoyamba ndinamupeza akubisa masipuni mumtsamiro. Yachiwiri anandinena kuti ndamubera mphete imene inali pachala pake. Usiku wina ndinamugwira ali pakhomo, atavula zonse, akunena kuti akupita kwa mayi ake, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Thupi langa linachita tsembwe, chifukwa zonsezi ndinali nditaziona kale. M'mawa mwake mwana wake wamkazi anandikhazika pansi n'kundiuza modekha kuti mayi ake akudwala dementia, mtundu wake wotchedwa Alzheimer's. Panalibe kunong'ona, panalibe manyazi. Panali dzina la matenda, botolo la mankhwala ndi tsiku lokaonana ndi dokotala. Ndinalowa m'bafa n'kulira agogo anga, patatha zaka 17 chiwaikireni m'manda.

Pantchito imeneyi ndinaphunzira zimene pamudzi pathu panalibe wotiuza. Matenda a Alzheimer's anawafotokoza koyamba dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906. Timaselo ta muubongo timafa pang'onopang'ono, kuyambira mbali imene imasunga zinthu zatsopano. N'chifukwa chake wodwala amaiwala kuti wadya kumene, koma amakumbukira nyimbo ya pachinamwali chake. Mtundu wina wa dementia umabwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko. Ambiri amavutika kwambiri dzuwa likamalowa, ndipo amadzuka usiku kufuna kupita kwawo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati odwala dementia ndi oposa 55 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mankhwala ochiza palibe. Alipo ongochepetsako zizindikiro kwa kanthawi.

Choncho mu 2019, malume atayamba kufunsa funso limodzi kasanu, ndinadziwa mlendo amene walowa m'nyumba. Dokotala wa kuchipatala cha Helen Joseph anangotsimikizira zimene mtima wanga unali utanena kale. Chimene sindinayembekezere n'chakuti zilankhulo zawo zinayamba kuthothoka chimodzichimodzi ngati masamba a m'chilimwe. Chingerezi chinayamba kupita, kenako Chizulu chimene anachilankhula zaka zoposa 40. Chinatsala ndi Chichewa cha ku Dedza cha m'ma 1960, cha mawu ena amene ine ndinawamva komaliza kwa agogo. Ine ndinasanduka mlongo wawo. Ndikamalowa ankati, "Achemwali, mbuzi zija mwatsekera?" Ndipo ndinaphunzira kuyankha kuti, "Eya, achimwene, zonse zalowa," chifukwa kumutsutsa munthu wotere n'kumupweteka chabe.

Zandspruit si malo odwalirako matenda amenewa. Tinjira take n'tokhotakhota ndipo mikhukhu imafanana. Madzi timatunga pampopi wa anthu onse, chimbudzi chili kunja. Nyumba n'zogundana moti chitofu chimodzi cha parafini chikagwa, mzere wonse umapsa. Ndipo kawiri konse mnansi wathu anapeza malume atayatsa chitofu n'kutenthekapo mphika wopanda kanthu. Ine ndinkagona kuntchito masiku asanu pasabata. Mwamuna wanga ankanyamuka kusanache kukafuna maganyu ku Honeydew. Tinafika pomawatsekera ndi loko kunja, chinthu chimene mpaka lero chimandiluma mumtima.

Mu Meyi 2021 gulu la anthu okwiya linapha anyamata 8 kuno ku Zandspruit powaganizira kuti ndi zigawenga. Patangopita masabata ochepa, malume anasowa usiku. Tinawafuna ndi nyali za pafoni mpaka tambala woyamba, ine ndikungoganiza chimodzi: nkhalamba yachilendo, yolankhula chinenero chosamveka, ikugwedeza chitseko cha eni ake pakati pa usiku. Anawapeza mayi wina wogulitsa tomato, ali pamphepete mwa Beyers Naudé, opanda nsapato, akuimitsa galimoto iliyonse ndi kufunsa ngati ikupita ku Dedza. Mayiyo anawafunditsa bulangete lake n'kukhala nawo mpaka titafika. Tsiku limenelo ndinavomereza kuti mutu umodzi susenza denga.

Nditaika nkhani yowafunira nyumba yosungirako okalamba pagulu la banja la pa WhatsApp, mayankho ochokera kumudzi anabwera otentha. "Bwerani nawoni kuno, munthu amafera kwawo." Wina anati zosiya makolo kunyumba zosungirako okalamba n'zachizungu, ife sititaya anthu. Sindinawakwiyire, chifukwa nane ndinakula ndi maganizo omwewo. Ndinaganizira za ulendo wa masiku awiri pabasi, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndi munthu amene satha kukhala pampando ola limodzi. Ndinaganizira za mudzi umene anauchoka zaka pafupifupi 50 zapitazo, kumene alongo awo onse anamwalira ndipo otsala sawadziwa nkhope. Ndinakumbukiranso za ku Neno, kumene mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa powanamizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mtchona wobwera chimanjamanja, woyenda usiku, mwana wa mayi amene ankatchedwa mfiti: akanamulandira bwanji?

Koma nyumba zosungirako anthu nazo ndinkaziopa, ndipo aliyense wokhala mu Gauteng akudziwa chifukwa chake. Mu 2016 boma la chigawo chino linachotsa odwala maganizo oposa 1,000 m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwapereka ku timabungwe tambiri topanda ziphaso zoyenera. Anthu 144 anamwalira, ena ndi njala, ludzu ndi kuzizira. Mu 2018 a Dikgang Moseneke, amene anali wachiwiri kwa mkulu wa oweruza milandu, analamula boma kulipira mabanja awo. Ndalama sinadzutse aliyense, koma nkhaniyi inatiphunzitsa tonse funso loyamba: chiphaso chanu chili kuti? Lamulo la okalamba la dziko lino, la 2006, limafuna kuti nyumba iliyonse yosunga okalamba ilembetsedwe ku dipatimenti ya Social Development. Amene anandiuza izi ndi mayi wothandiza anthu wa kukiliniki, yemwenso anandipatsa nambala ya bungwe la Dementia SA.

Ndinayendera nyumba zingapo pamasiku anga opuma. Yoyamba inali yokongola, ya kapinga wometa bwino ndi zitseko zotsegula ndi manambala, koma mtengo wake wa mwezi umodzi unaposa malipiro anga a miyezi itatu. Yachiwiri inali nyumba wamba kuseri kwa mpanda, yotchipa moti penshoni ya boma ya SASSA ya malume, ya pafupifupi R2,000, ikanakwanira. Ndinafika osauza munthu, cha m'ma 4 koloko madzulo. Fungo la mkodzo linandilandira pakhomo. Okalamba asanu anali m'tulo pamipando masana onsewo, mmodzi atamangidwa ndi nsalu m'chiuno. Wantchito anali mmodzi yekha, mtsikana wotopa. Nditafunsa za chiphaso anati bwana ali nacho kwawo. Ndinatuluka osatembenuka.

Ntchito yanga inali itandiphunzitsa zoyang'ana. Usapite tsiku limene akuitana, pita nthawi ya chakudya kapena madzulo pamene odwala amavuta. Yang'ana zikhadabo ndi milomo ya okhalamo, uona ngati amasambitsidwa ndi kupatsidwa madzi. Funsa kuti usiku pamakhala anthu angati, namwino amabwera liti, ndipo munthu akagwa amaimbira ndani. Ona ngati pali bwalo lotchingidwa bwino loti munthu ayendeyende, chifukwa woyendayenda ukamutsekera m'chipinda amasanduka wolusa. Koposa zonse mvetsera mmene antchito amawaitanira okalamba, ngati ndi maina awo kapena ndi kukuwa.

Nyumba yachitatu inali ya mpingo, yothandizidwako ndi boma, yakale ndi ya penti wosuluka, koma yaukhondo. Chiphaso chinali pakhoma. Panali mndandanda wa odikira, ndipo tinadikira miyezi 11. Chimene chinandigwira mtima chinachitika tsiku limene ndinapita nawo malume kukaona malowo. Anakana kutsika takisi, kenako anakana kulowa pageti. Ndiye kunatulukira mayi wina wantchito wa ku Zimbabwe, amene agogo ake anachokera ku Ntcheu. Atamva mmene tinkalankhulira, anagwada n'kuwomba m'manja, nati, "Takulandirani, bambo. Mwayenda bwanji?" Malume anavula chipewa n'kuyankha mwaulemu wonse, ndipo analowa okha.

Akhala kumeneko kuyambira 2022. Penshoni yawo imapita komweko, ife timawonjezerapo ndi kugula matewera. Ena mwa amene ankanena kuti ndataya munthu, lero amatumizako kangachepe, ngakhale kwacha ikugwa tsiku ndi tsiku. Lamlungu lililonse ndimakwera matakisi awiri ndi kontena ya nsima, nyemba ndi mfutso wa nkhwani wochokera kumudzi. Antchito ndinawalembera papepala mawu khumi a Chichewa: madzi, njala, kuzizira, kuwawa, kuchimbudzi ndi ena. Anawapatsa kachigawo ka dimba, ndipo manja awo akadakumbukira kudulira maluwa ngakhale mutu unaiwala dzina langa. Kuchoka kumandiwawa ulendo uliwonse, makamaka akandifunsa kuti, "Achemwali, tinyamuka liti?"

M'moyo wanga womwewu ndaona matenda amodzi akugwira mayi ndi mwana wake. Mayiyo anafa akutchedwa mfiti, mwanayo akusamalidwa monga wodwala. Ndaonanso tanthauzo la kusunga munthu likukula. Kale kusunga kunali kukhala naye pakhomo, chifukwa pakhomopo panali anthu tsiku lonse. Lero mbumba inabalalika, wina ali ku Lilongwe, wina ku Cape Town, ndipo kumukhoma munthu ndi loko mumkhukhu si ulemu. Kupempha manja ena si kutaya, malinga ngati wafufuza bwino ndipo phazi lako silileka kupondako. Wotaya ndi amene amasiya munthu pageti n'kusintha nambala ya foni.

Kwathu nako zinthu zikusuntha. Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, bungwe la MANEPO lakhala likulankhulira okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lowateteza. Koma nyumba zosamalira odwala matendawa m'midzi mwathu mulibe, ndipo nkhani za okalamba omenyedwa zikumvekabe. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambolo likamauma ndi udindo wathu kulitchinjiriza.

Inu amene mukuwerenga, kaya muli ku Zandspruit kaya ku Dedza, tsiku lina mudzakumana ndi gogo wosochera m'mamawa, wosavala bwino, wolankhula zosagwirizana. Musaitane khamu. Mufunditseni chitenje chanu, mumupatse madzi, mufufuze abale ake, ndipo muwauze kuti apite naye kuchipatala. Agogo anga ankafunika zimenezo basi, ndipo sitinawapatse.